Fayilo ya Excel ikasiya kugwira ntchito mu browser: kuyerekeza njira zothetsera vutoli

Tiyerekeze kuti msungichuma wa sukulu ina ya sekondale ali ndi fayilo ya Excel imene wakhala akulembamo fizi ya ophunzira kwa zaka 6. Pamwamba pa tsamba loyamba pali batani lotuwa lolembedwa kuti "Tulutsani risiti", ndipo akalidina, dzina la wophunzira, kalasi yake ndi ngongole imene yatsala zimadzilemba zokha pa tsamba lina lokonzekera kusindikiza. Kenaka akuluakulu a sukuluyo agamula kuti fayiloyo iikidwe pa OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, n'cholinga choti mphunzitsi wamkulu ndi wapampando wa komiti azitha kuiona ali kwawo. M'mawa mwake msungichuma atsegula fayilo yomweyo mu Chrome. Mayina onse alipo, mitundu ya timabokosi ndi yomwe ija, koma batani lija mwina silikuoneka n'komwe, kapena likuoneka koma ngakhale alidine kangati palibe chochitika, pamene kolamu ya ngongole, imene dzulo inali ndi manambala, lero yadzaza ndi mawu oti #NAME? kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panja pa zenera makolo ali pamzere ndi mapepala a kubanki m'manja.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti fayiloyo sinaonongeke. Excel imene imatseguka mu browser ndi pulogalamu ina, yosiyana ndi imene imaikidwa m'kompyuta, ngakhale kuti dzina ndi maonekedwe n'zofanana. Microsoft inayamba kupereka Excel ya pa intaneti mu 2010, pamene chiyankhulo cha VBA, chimene ma macro ambiri (malamulo olembedweratu ochita ntchito okha, monga amene ali kuseli kwa batani la risiti lija) amalembedwera, chinalowa mu Excel mu 1993 ndipo chinapangidwira pulogalamu yokhazikika pa kompyuta ya munthu, yotha kutsegula mafoda ake ndi kulamula purintala yake. Browser inakonzedwa dala kuti tsamba la pa intaneti lisamagwire zinthu za m'kompyuta mwachisawawa. N'chifukwa chake Excel ya pa intaneti imatsegula fayilo yokhala ndi ma macro, imalola kusintha manambala, imasunganso ma macrowo osawafufuta, koma siwayendetsa. Mawu a #NAME? aja akutanthauza kuti amene anakonza fayiloyo analemba fomula yakeyake mu VBA, ndipo pulogalamu ya mu browser ikafuna kuwerengetsa manambala sikulidziwa dzina la fomulayo.

Vuto lili mu browser, mu pulogalamu, kapena mu fayilo?

Anthu ambiri amataya nthawi kukonza chinthu chimene sichinathyoke, choncho ndi bwino kuyamba mwapatula matendawa. Njira yachidule ndiyo kutsegula fayilo yomweyo pa zenera lachinsinsi, limene mu Chrome ndi mu Edge limatseguka podina Ctrl, Shift ndi N pamodzi. Pa zenera limeneli timapulogalamu towonjezera, monga totchinga malonda, nthawi zambiri timakhala tozimitsidwa, ndipo zotsalira za masiku am'mbuyo sizigwiritsidwa ntchito. Ngati chimene chimakana chayamba kuyenda pamenepo, wolakwa ndi browser, ndipo mankhwala ake ndi kuzimitsa kowonjezera kamodzikamodzi mpaka mutapeza kosokonezako. Pa makompyuta akale pali vuto lina: Chrome yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi ya nambala 109, imene inatuluka mu Januwale 2023, ndipo Microsoft 365 inasiya kuthandiza Internet Explorer 11 pa 17 Ogasiti 2021, kotero kompyuta yotere ikamatsegula tsamba mopereweza, palibe chimene mungasinthe mu fayilo kuti zinthu zilongosoke.

Palinso zina zimene zimaoneka ngati kuonongeka pamene ndi kulimbirana mabatani chabe. Munthu wozolowera kutseka fayilo ndi Ctrl ndi W adzapeza kuti browser yatseka tsamba lonse, ndipo F11, imene pa kompyuta imajambula tchati, mu browser imangokulitsa zenera. Kumata zinthu pogwiritsa ntchito batani lamanja la mausi nakonso kumakanidwa m'ma browser ena, koma Ctrl ndi V imagwira.

Ngati zonsezi sizinathandize, yang'anani zilembo zomalizira dzina la fayilo. Fayilo yothera ndi .xlsx singathe kusunga VBA, choncho vuto lake liyenera kukhala kwina, mwina m'maulalo opita ku mafayilo ena kapena m'mafomula atsopano. Fayilo yothera ndi .xlsm, .xlsb kapena .xls ikhoza kukhala ndi ma macro, ndipo mukaitsegula pa kompyuta n'kudina Alt ndi F11 mudzawaona ndi maso. Kuyambira pamenepa nkhani yasanduka yosankha, ndipo njira iliyonse ili ndi mtengo wake.

Kubwerera ku Excel ya pa kompyuta

Njira yofulumira kuposa zonse ndiyo kusiya fayilo pa OneDrive kapena SharePoint (malo ena otere a Microsoft, a maofesi) koma kumaitsegula ndi Excel yoikidwa m'kompyuta, kudzera pa lamulo lolembedwa kuti Open in Desktop App. Palibe chimene chimalembedwanso, batani la risiti limayambiranso kugwira ntchito, ndipo mphunzitsi wamkulu akhoza kupitiriza kuona fayiloyo mu browser. Kwa msungichuma amene makolo akumudikira panja, imeneyi ndiyo njira ya tsiku limenelo, ndipo sindikuona chifukwa chozengereza nayo. Ubwino wina, umene ndi waukulu m'madera amene netiweki imadukaduka ndiponso bandulo imatha mwezi usanathe, ndi wakuti Excel ya pa laputopu imapitiriza ntchito popanda intaneti, ndipo zosinthazo zimakwera zokha netiweki ikabwerera, pamene Excel ya mu browser imaima intaneti ikangoduka.

Koma njirayi imafuna laisensi pa kompyuta iliyonse imene ikufuna kudina batanilo, ndipo imamangirira ntchito ku makompyuta ochepa. Excel ya pa foni siyendetsa VBA, ndipo Excel ya pa Mac imayendetsa VBA koma siidziwa mabatani a mtundu wa ActiveX, amene anapangidwira Windows yokha. Ofesi imene ikudalirabe Office 2016 kapena 2019 iyeneranso kudziwa kuti Microsoft inasiya kuwatumizira zigamba za chitetezo pa 14 Okutobala 2025.

Choopsa chenicheni, kwa ine, chili pa chizolowezi chimene chimabadwa anthu akalephera kugwiritsa ntchito lamulo lija la Open in Desktop App n'kuyamba kutsitsa fayilo. Wina atsitsa Lolemba n'kulembamo malipiro 12, wina atsitsa Lachiwiri n'kulembamo 9, ndipo pofika Lachisanu pali "Fizi yomaliza", "Fizi yomaliza 2" ndi "Fizi yeniyeni", popanda amene angalumbire kuti yolondola ndi iti. Vuto limene OneDrive inabwera kudzathetsa labwerera, ndipo tsopano lakula. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2022 Excel imatsekereza ma macro a fayilo yochokera pa intaneti, n'kuonetsa mzere wofiira wochenjeza umene ulibe batani loulambalala. Kuti atseguke pamafunika kudina fayiloyo ndi batani lamanja, kulowa mu Properties ndi kuchonga Unblock, ndipo zimenezi ziyenera kuchitika pokhapokha mukudziwa bwino kumene fayiloyo yachokera, popeza ma macro akhala kwa zaka zambiri khomo lolowera mavairasi.

Kuchotsa macro n'kuikapo mafomula

Njira imene ndimaiona yopindulitsa kwambiri ndi imene anthu ambiri saiganizira, ndiyo kufunsa ngati macroyo ikufunikabe. Ma macro ambiri a m'maofesi analembedwa nthawi imene Excel inalibe mafomula osefera ndi kusanja zinthu okha. Lero FILTER imatulutsa mizere yokhayo yokwaniritsa zimene mwafuna, SORT imaisanja, UNIQUE imachotsa zobwerezabwereza, XLOOKUP imapeza dzina ndi zonse zoyenda nalo, ndipo zonsezi zimagwira mu browser, pa kompyuta ndi pa foni chimodzimodzi.

Tione tsamba la risiti lija pafupi. M'kabokosi B3 mukhoza kuika mndandanda wotsika wa manambala a ophunzira pogwiritsa ntchito Data Validation, imene imagwira bwino pa intaneti. Msungichuma akasankha nambala, kabokosi ka dzina kamadzaza ndi XLOOKUP, ndipo ndalama zonse zimene wophunzirayo walipira zimapezeka ndi fomula ngati =SUMIFS(Malipiro!D:D,Malipiro!A:A,B3), imene imaphatikiza ndalama za mu kolamu D paliponse pamene nambala ya mu kolamu A ikufanana ndi yosankhidwayo. Ngongole ndi fizi ya chaka kuchotsa zimenezo. Batani silikufunikanso, chifukwa risiti imasintha yokha nambala ikangosinthidwa. Fomula ya VBA imene inabala #NAME? ikhoza kulembedwanso ndi LAMBDA, imene imalola munthu kupanga fomula yake n'kuipatsa dzina popanda macro iliyonse.

Pali msampha umodzi wofunika kuutchula, chifukwa ndi vuto lomwe lija litatembenuka. XLOOKUP, FILTER, SORT ndi UNIQUE mulibe mu Excel 2016 ndi 2019. Munthu akakonza fayilo mu browser n'kuitumiza kwa mnzake wa Excel yakale, mnzakeyo amaona fomula yoyamba ndi zilembo zachilendo zoti _xlfn., ndipo ikawerengetsedwanso imatulutsa #NAME? yemwe uja. Ngati mu ofesi muli makompyuta osakanikirana, ndi bwino kudalira INDEX ndi MATCH, zimene n'zakalekale, pamodzi ndi SUMIFS, imene ilipo kuyambira Excel 2007. Mafomula amenewa ndi otalikirapo ndipo sakongola, koma amawerengeka paliponse, kuphatikizapo mu Google Sheets ndi LibreOffice, mapulogalamu ena ogwira ntchito ngati Excel.

Malire a njirayi ndi omveka: fomula imawerengetsa, koma sichita kanthu. Singathe kukopera mzere kupita ku tsamba losungira zakale, singapereke nambala ya risiti yoti ikhale yomweyo mpaka kalekale, ndipo TODAY kapena NOW sizingakhale chidindo cha tsiku la malipiro chifukwa zimasintha fayilo ikatsegulidwanso. Tsiku lokhazikika limalembedwa pamanja, kapena podina Ctrl pamodzi ndi chizindikiro cha semikoloni (;) pa kiyibodi. Ntchito zotsala zoterezi ndizo zimafunadi script, kutanthauza kapulogalamu kakang'ono kochita ntchito ngati macro.

Office Scripts kapena Apps Script

Yankho la Microsoft pa kusowa kwa VBA mu browser ndi Office Scripts, zimene zimapezeka pansi pa mutu wa Automate ndipo zimalembedwa mu TypeScript, chiyankhulo cha banja limodzi ndi JavaScript. Pali chojambulira chimene chimalemba script pamene inu mukuchita ntchitoyo kamodzi, ndipo scriptyo ikhoza kupatsidwa batani lake pa tsamba, kapena kulumikizidwa ndi Power Automate, chida cha Microsoft choyendetsa ntchito pachokha, kuti iziyenda yokha pa nthawi yoikika, ngakhale kompyuta ya mu ofesi ili yozima. Ichi ndi chinthu chimene VBA singachite. Koma amene akuyembekeza kuti angokopera VBA yake n'kuimata adzakhumudwa, chifukwa zonse ziyenera kulembedwa mwatsopano, ndipo zina zilibe chofanana nacho: Office Scripts sizitsegula timafomu todumphira pamaso tolembamo zinthu, ndipo sizidzuka zokha kabokosi kakasinthidwa monga imachitira Worksheet_Change. Script imasungidwanso kunja kwa fayilo, pa OneDrive ya amene anailemba ngati sanasankhe kuiika pa SharePoint, kotero ofesi yanzeru imaganiza msanga za chimene chidzachitike wolembayo akadzasiya ntchito n'kutsekeredwa akaunti. Zinayamba ndi maakaunti a makampani ndi a sukulu, choncho musanadalire njirayi onani kaye ngati mutu wa Automate ukuoneka pa akaunti yanu.

Kusamukira ku Google Sheets ndi chisankho chachikulu kuposa mmene chimaonekera. Sheets inabadwira mu browser, kotero anthu angapo kulemba nthawi imodzi ndi nkhani yachizolowezi, akaunti wamba ya Google ndi yokwanira, ndipo mu Chrome kapena Edge mukhoza kuika kowonjezera kotchedwa Google Docs Offline kuti muzilemba netiweki itaduka, bola mukonzeretu zimenezi intaneti ikadalipo. Kuyambira mu 2019 Sheets imatha kusintha fayilo ya .xlsx osaitembenuza. Koma nayonso siyendetsa VBA, ndipo ma macro ayenera kulembedwanso mu Apps Script, njira ya Google yolembera ma script. Pa mbali imeneyi Apps Script imaposa Office Scripts m'zinthu zingapo, chifukwa ili ndi onEdit imene imadzuka kabokosi kakasinthidwa, imalola kupanga menyu yanuyanu ndi timafomu, ndipo imatha kutumiza imelo kudzera mu Gmail. Chidindo cha tsiku la malipiro chimene fomula inalephera chimatheka ndi mizere yochepa ya onEdit. Malire ake ndi akuti script imodzi siiloledwa kuyenda kupitirira mphindi 6, fomula yodzipangira imadulidwa pa masekondi 30, fayilo yonse singapose timabokosi 10 miliyoni, ndipo batani lojambulidwa pa tsamba siligwira pa pulogalamu ya pa foni. Poyerekeza, tsamba limodzi la Excel limafika mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384. Sukulu singafike malire amenewa, ngakhale kuti fayilo yodzaza mafomula imayamba kulemera isanawayandikire n'komwe.

Posamuka pali chinthu chaching'ono chimene chimasokoneza mabuku mwakachetechete, ndicho kalembedwe ka masiku. Fayilo iliyonse ya Sheets ili ndi dziko ndi nthawi yake pansi pa File ndi Settings. Ngati yaikidwa pa United States, wolemba 03/04/2025 akutanthauza 3 Epulo koma pulogalamu ikumva 4 Marichi, ndipo palibe chenjezo lililonse chifukwa onse awiri ndi masiku enieni. Cholakwikacho chimaonekera tsiku likapitirira 12, pamene 25/04/2025 imakhala mawu wamba okankhidwira kumanzere kwa kabokosi, osawerengedwa ndi fomula ya mwezi. Kusankha United Kingdom kumabwezeretsa tsiku patsogolo pa mwezi, ndipo nthawi iyenera kuikidwa pa ya kuno, imene ili maola 2 patsogolo pa GMT, kuti malipiro a usiku asalembedwe pa tsiku lina.

Pakati pa Office Scripts ndi Apps Script sindisankha potengera kuti chiyankhulo chabwino ndi chiti. Ofesi imene imelo zake ndi mafayilo ake zili kale pa Microsoft 365 ikhale komweko, ndipo imene ikugwiritsa kale Gmail ipite ku Sheets. Kusunga fayilo imodzi n'kumaitsegula lero mu Excel mawa mu Sheets ndiko kumabweretsa mavuto ambiri, chifukwa QUERY ndi IMPORTRANGE ndi za Google zokha, pamene zinthu zina za Excel, monga Power Pivot, Sheets siizidziwa.

LibreOffice Calc ndiyenera kuitchula mwachidule. Ndi yaulere, imachokera ku The Document Foundation, imene inakhazikitsidwa mu 2010, imayenda popanda intaneti, ndipo imatha kuyendetsa ma macro ena osavuta a VBA. Ndi populumukira pabwino pamene laisensi palibe, koma sithetsa funso la browser, ndipo macro iliyonse iyenera kuyesedwa payokha musanaikhulupirire ndi ndalama za anthu. XLOOKUP inalowamo mu mtundu wa 24.8 wa chaka cha 2024.

Maulalo opita ku mafayilo ena

Vuto ili limayenda palokha ndipo limakhudza ngakhale fayilo yopanda macro. Fomula imene imatenga nambala ku fayilo ina yokhala pa C: kapena pa foda ya netiweki ya mu ofesi singatsatidwe kuchokera mu browser, chifukwa seva imene ikuwerengetsa manambalawo siiona kompyuta yanu. Choipa chake n'chakuti nthawi zambiri kabokosiko sikaonetsa cholakwa chilichonse: kamangosunga nambala yomaliza imene kanalandira, ndipo lipoti la mwezi uno limatuluka ndi nambala ya mwezi watha. Njira ziwiri zilipo. Yoyamba ndi kuika mafayilo onse pa OneDrive kapena SharePoint n'kulozanso maulalowo kumeneko, ndipo aliyense wofuna kuwatsitsimutsa ayenera kukhala ndi chilolezo pa mafayilo onse awiri. Mu Sheets ntchito yomweyi imachitika ndi IMPORTRANGE, imene imaonetsa #REF! mpaka wina atadina Allow access kamodzi. Yachiwiri, imene ndimaikonda pamene mafayilo ndi aang'ono, ndi kusonkhanitsa masamba onse m'fayilo imodzi kuti pasakhalenso ulalo woduka. Zotengedwa ndi Power Query, chida cha Excel chokokera zinthu za kwina, kuchokera ku mafayilo a pa kompyuta zili m'gulu lomweli, ndipo kuzitsitsimutsa kumafuna Excel ya pa kompyuta.

Tikabwerera kwa msungichuma uja, funso lothandiza ndi lakuti ndani amachita chiyani ndi fayiloyo. Mphunzitsi wamkulu ndi wapampando amangoona, choncho chimene akufuna ndi chakuti kolamu ya ngongole isiye kuonetsa #NAME?, ndipo zimenezo zimatheka polemba kolamuyo ndi SUMIFS, ntchito ya madzulo amodzi. Wotulutsa risiti ndi munthu mmodzi wokhala pa kompyuta imodzi, ndipo iyeyo apitirize ndi Open in Desktop App kufikira tsamba la risiti litakonzedwa ndi mafomula. Script ingaganiziridwe pambuyo pake, pa nambala ya risiti ndi chidindo cha tsiku zokha, ndiponso ngati alipo wina mu ofesimo amene angathe kuiwerenga ikadzavuta. Ntchitoyi ndi yoyenera nthawi ya tchuthi, osati sabata yotsegulira sukulu, ndipo isanayambe fayilo ya .xlsm ikoperedwe pa fulashi n'kusungidwa padera, chifukwa kuisunga ngati .xlsx kumachotsa ma macro onse mu fayilo yatsopanoyo Excel ikangofunsa kamodzi inu n'kuvomera.